Guido wa ku Arezzo, Mwini Wake wa Do Re Mi

Pa tchuthi chapitachi ndidali kwathu ku Mchinji, kufupi ndi malire a Zambia. A kwaya a kutchalitchi kwathu adati popeza ndine wa ku seminale, ndiwaphunzitse nyimbo yatsopano ya Khirisimasi. Ndidavomera mwamatama. Tsoka ilo, nditafika pakati ndidaiwala m'mene nyimboyo imakwerera, ndipo mayi wina amene adaimvapo ku Chipata adayamba kuikokera kwake. Tidatsutsana mpaka dzuwa kulowa. Kope langa la d r m f s ndidaali nditalisiya kusukulu.

Nditabwerera kuno ndidafunsa bambo mfumu amene amatiphunzitsa limba kuti zilembo zimenezi zidachokera kuti. Iwo adanditchulira dzina la Guido wa ku Arezzo, nandibwereka buku lonena za moyo wake.

Guido adabadwira ku Italy cha m'ma 991. Adalowa m'chipani cha amonke a Benedikito Woyera ku Pomposa, kufupi ndi nyanja ya Adriatic. Masiku amenewo nyimbo zonse za Misa ndi za mapemphero a tsiku ndi tsiku ankaziloweza pamtima. Mabuku adaalipo, koma pamwamba pa mawu ankangojambula timizere tokhotakhota tokumbutsa munthu amene nyimboyo akuidziwa kale. Timizereto sitinkanena kuti liwu likwere kufika pati. Choncho mnyamata ankatsatira pakamwa pa mphunzitsi wake zaka khumi asanatchedwe woimba weniweni. Mphunzitsi akaiwala, monga ndidachitira ine, ophunzira onse ankasokera naye limodzi.

Zimenezi zidamuvuta Guido. Iye adajambula mizere yopingasa, wina pamwamba pa unzake, ndipo liwu lililonse adalipatsa malo ake, pamzere kapena pampata. Mzere wa F adaulemba mofiira, wa C mwachikasu, kuti diso lisasokere. Kenaka adatenga nyimbo ya Chilatini yolemekeza Yohane Woyera Mbatizi, imene chigawo chake chilichonse chimayambira pamwamba pang'ono kuposa chinzake. Maphatikizo oyamba a zigawo zisanu ndi chimodzi za nyimboyo ndiwo ut, re, mi, fa, sol, la. Mwana akaiimba mpaka kuizolowera, ndiye kuti ali ndi makwerero m'mutu mwake, ndipo akhoza kuimba nyimbo imene sadaimvepo chibadwire. Guido mwini adalemba kuti ntchito ya zaka khumi ija tsopano inkatha m'chaka chimodzi kapena ziwiri.

Piyano kudaalibe, idadzapangidwa ndi Bartolomeo Cristofori cha m'ma 1700. Pophunzitsa, Guido ankagwiritsa ntchito chipangizo cha chingwe chimodzi, chonga kaligo wathu, chopimira kukwera kwa mawu. Komabe ankaona kuti chipangizocho nchothandiza ongoyamba kumene, osati kuti munthu adziyedzamira pamenepo moyo wake wonse. Apa anzanga a kwaya tivomereze, akunena ife. Magetsi akangozima Misa ili m'kati, limba nkukhala chete, timayang'anana ngati nkhuku zonyowa.

Mwina mukuganiza kuti amonke anzake adamuyamika. Ayi ndithu. Nsanje idabuka m'nyumbamo mpaka Guido adachoka ku Pomposa cha m'ma 1025. Nkhani imeneyi idandidabwitsa, chifukwa ndinkayesa kuti anthu opemphera pamodzi kasanu ndi kawiri patsiku sangachitirane zotere. Episkopi Tedald wa ku Arezzo ndiye adamulandira, nampatsa ntchito yophunzitsa oimba a ku kathedulo. Kumeneko adalemba buku lake lotchuka, Micrologus.

Mbiri yake idafika kwa Papa Yohane XIX, amene adamuitana ku Roma cha m'ma 1028. Apapa adatenga buku la nyimbo lolembedwa m'njira yatsopanoyo, naliphunzira, ndipo sadanyamuke pampando mpaka ataimba okha ndime imene sadaimvepo. Adafuna kuti Guido akhale ku Roma, koma kutentha kwa mzindawo kudamudwalitsa, choncho adabwerera. Pambuyo pake mkulu wa amonke a ku Pomposa adapepesa nampempha kuti abwerere kunyumba yake yakale.

Zina zidasintha Guido atamwalira kale. Liwu lachisanu ndi chiwiri, si, lidaonjezedwa, ndipo m'zaka za m'ma 1600 ut adasanduka do. M'zaka za m'ma 1800 Sarah Glover ndi John Curwen a ku England adakonza njira yongolemba zilembo zoyamba, d r m f s l t, popanda mizere. Imeneyi ndiyo amishoni adabwera nayo kuno, chifukwa imangofuna bolodi ndi choko basi.

Pa tchuthi cha Pasaka kope langa lidzakhala loyamba kulowa m'chikwama. Ndapempha kale choko kwa bambo mfumu, ndipo mayi wa ku Chipata uja ndidzamuika kutsogolo, pafupi ndi bolodi.