James Joule, mwana wa ofulula mowa amene anayeza kutentha

Anzanga a m'kalabu, mwezi uno tikambe za munthu amene dzina lake tonse tinalilemba m'makope a Fizikisi osamudziwa mwiniwake. Kalembo J kaja, kamene timaika kumapeto kwa ansala tikamawerengera mphamvu, kakuimira James Prescott Joule.

Joule anabadwa pa 24 Disembala 1818 ku Salford, pafupi ndi Manchester ku England. Bambo ake anali ndi kampani yofulula mowa ndipo ndalama pakhomo zinalipo. Ali mwana ankadwaladwala, choncho anaphunzirira kunyumba. Atafika zaka pafupifupi 16, iye ndi mkulu wake anayamba kukaphunzira kwa John Dalton, katswiri uja wa ma atomu. Ku yunivesite Joule sanapiteko. Ankagwira ntchito pa kampani ya bambo ake, sayansi n'kumachita panthawi yake yopuma, ndi zipangizo zolipira yekha.

Masiku amenewo akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti kutentha ndi chinthu chonga madzi osaoneka, chimene ankachitcha caloric. Ankati chimayenda kuchoka m'chinthu chotentha kupita m'chozizira, ndipo sichipangidwa kapena kutha. Koma taganizani: bwanji ufa umatuluka m'chigayo uli wotentha pomwe palibe wasonkha moto? Bwanji manja amafunda tikawapekesa m'mawa wa mu Juni? Kutenthako kukuchokera kuti? Joule anaona kuti ntchito imene, kaya ya injini kaya ya manja, ndiyo imasanduka kutentha.

Anayamba ndi magetsi. Cha m'ma 1840 anapeza kuti mukachulukitsa kawiri magetsi odutsa mu waya, kutentha kwake kumachuluka kanayi. N'chifukwa chake waya wa ketulo yamagetsi amawiritsa madzi. Mu 1843 anakafotokoza maganizo ake pa msonkhano wa asayansi ku Cork, ku Ireland, koma anthu sanamulabadire. Kwa iwo anali wofulula mowa basi.

Sanagwe ulesi. Anapanga chiwiya cha kopa, n'kuthiramo madzi, mkati mwake n'kuikamo timapiko tozungulira. Timapikoto anatilumikiza ndi zingwe ku zitsulo zolemera. Zitsulozo zikamatsika, timapiko tinkavundula madzi, ndipo madziwo ankafunda pang'ono kwambiri, mwakuti ndi dzanja simukanamva. Anagwiritsa ntchito thermometer yakuthwa zedi, yotha kuonetsa kusintha kwa kagawo kakang'ono ka digiri imodzi.

Apa panali vuto. Kutentha sikukhala malo amodzi, kumayenda kuchoka kotentha kupita kozizira. Kumadutsa m'zinthu zokhudzana, monga mmene supuni yachitsulo imatenthera mu tiyi. Kumanyamulidwa ndi mpweya kapena madzi oyenda. Kumafikanso ngati cheza, monga mmene timaothera moto tili chapatali. Joule anayenera kusamala zonsezi. Chiwiyacho anachikhazika pa kampando kathabwa chifukwa thabwa silidutsitsa kutentha msanga. Anaikanso chotchinga chathabwa pakati pa iye ndi chiwiyacho kuti kutentha kwa thupi lake kusasokoneze zotsatira. Anayesa mobwerezabwereza, akulemba chilichonse.

Chimene anapeza, pa miyezo ya lero, n'chakuti pamafunika majoule pafupifupi 4,200 kuti lita imodzi ya madzi ikwere ndi digiri imodzi ya Celsius. Imeneyi ndi mphamvu yofanana ndi ya matumba asanu ndi atatu ndi theka a chimanga, a makilo 50 lililonse, akagwa mita imodzi. Digiri imodzi yokha, anzanga! Ndiye musamadabwe kuti kuwiritsa ndowa ya madzi osamba kumatha nkhuni zambiri.

Zinthu zinasintha mu 1847 pa msonkhano wa ku Oxford. Mnyamata wina wa zaka 23, William Thomson, amene pambuyo pake anadzatchedwa Lord Kelvin, anamvetsera n'kuchita chidwi. Awiriwa anadzagwira ntchito limodzi kuyambira 1852, ndipo anapeza kuti mpweya wopanikizika ukatulukira pa kampata kakang'ono umazizira. Nzeru imeneyi inathandiza pa luso loziziritsa zinthu. Mu 1850 Joule anasankhidwa kukhala membala wa Royal Society, ndipo mu 1870 bungwelo linamupatsa mendulo ya Copley. Ntchito yake inathandiza kukhazikitsa lamulo lija lakuti mphamvu sipangidwa kapena kuwonongedwa, imangosintha maonekedwe.

Moyo wake sunali wamtendere wokhawokha. Mkazi wake Amelia anamwalira mu 1854, patangopita zaka zisanu ndi ziwiri chikwatiraneni. Chuma chake chinadzathanso, moti mu 1878 boma linayamba kumupatsa penshoni ya mapaundi 200 pachaka. Anamwalira pa 11 Okutobala 1889 ku Sale.

Ena a ife tinakhoza mayeso a Fomu 4 koma maina athu sanatuluke ku yunivesite, ndipo zimawawa. Sindikuti tifanane ndi Joule m'zonse, iye anali ndi ndalama zogulira zipangizo komanso mphunzitsi wabwino. Koma anthu atamunyalanyaza sanapite kukakangana nawo. Anabwerera ku chiwiya chake n'kuyezanso mosamala kuposa kale, mpaka manambala ake anakhala ovuta kuwakana. Chimenecho tikhoza kutengerapo, kaya tikuweta nkhuku, tikusoka zovala kapena tikukonzekera kulembanso mayeso.