Catherine McAuley, Mayi wa Nyumba ya Chifundo

Anthu a kwa Nazombe ndi a m'midzi yonse ya m'tsinde mwa mapiri a Michesi ndi Mulanje sasowa wowauza za kuwawa kwa kusowa pogona. Akuluakulu akumbukirabe napolo wa mu Malichi 1991, ndipo ngakhale ana adaona ndi maso namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene mabanja ambiri adagona m'masukulu ndi m'matchalitchi. Komatu kulipo kusowa pogona kwina kosadza ndi mvula: kwa mayi wothawa nkhonya pakati pa usiku, mwana ali kumbuyo, ndi kwa mtsikana wantchito amene bwana wake wamtsekereza m'nyumba. Akhristu ena, pomva chisoni ndi anthu otere, amalakalaka kuyambitsa bungwe lowathandiza. Iwowa achita bwino kumva mbiri ya mayi wa ku Ireland amene adatenga zaka zambiri akuphunzira za ovutika asanawatsekulire khomo.

Catherine McAuley adabadwa m'chaka cha 1778 pafupi ndi mzinda wa Dublin. Masiku amenewo Akatolika a ku Ireland anali oponderezedwa ndi malamulo a boma la Britain, ndipo ambiri a iwo anali amphawi otheratu. Bambo wake, James, anali mmisiri wopeza bwino, ndipo ankasonkhanitsa ana a amphawi pakhomo pake nawaphunzitsa katekisimu. Iwo adamwalira m'chaka cha 1783, Catherine ali ndi zaka zisanu. Chuma chidayamba kutha pang'onopang'ono, ndipo mayi wake atamwaliranso m'chaka cha 1798, iye adatsala wopanda nyumba yoti n'kuitcha yake. Adakhala kwa malume ake mpaka nawonso atasauka, kenaka nasamukira kwa achibale ena Achiprotestanti, amene ankanyoza chikhulupiriro chake pa nthawi ya chakudya. Umo ndimo adadziwira msanga kulemera kwa kudya nsima ya eni ndi kugona pa mphasa yobwereka.

M'chaka cha 1803 adatengedwa ndi banja lokalamba lopanda ana, la William ndi Catherine Callaghan, amene pambuyo pake adakhazikika ku Coolock, kunja pang'ono kwa Dublin. Kumeneko adakhala zaka pafupifupi makumi awiri, akuyang'anira nyumba ndi kudwazika okalambawo. Zaka zimenezi zidasanduka sukulu yake yeniyeni, pakuti ankaphunzitsa antchito a pakhomopo katekisimu, kuphunzitsa atsikana a m'mudzimo kusoka, ndi kuyendera odwala m'zisakasa zawo.

Olemba mbiri yake oyamba amasimba nkhani imodzi ya nthawi imeneyo imene idamlasa mtima moyo wake wonse. Mtsikana wina wantchito adadza kwa iye akulira, chifukwa mwamuna wa m'nyumba imene ankagwiramo ntchito ankamkakamiza zoipa. Catherine adathamangira ku nyumba ina yothawirako akazi kukampemphera malo, koma adamuuza kuti wolandira anthu ndi komiti, ndipo komitiyo inali ndi tsiku lake lokumana. Tsikulo lisanakwane, mtsikana uja anali atagwa kale m'manja mwa wom'vutayo. Apo Catherine adazindikira kuti munthu wothawa ngozi sangadikire msonkhano, ndi kuti malamulo a nyumba yothandiza akhoza kupha yemwe adawalembera kuti ateteze.

Mayi Callaghan adamwalira m'chaka cha 1819, ndipo bambo Callaghan, pomwalira mu Novembala 1822, adasiyira Catherine chuma chawo chonse, chokwana mapaundi pafupifupi 25,000. Wina akadafulumira kugawa ndalamazo kapena kumanga nyumba mwezi womwewo, koma iye adakumbukira kuti safunsa adadya phula. Adayamba wapita kukaphunzitsa pa sukulu ya ana osauka ya parishi ya St Mary's mu msewu wa Middle Abbey, kuti aone umphawi wa m'tauni, umene uli wosiyana ndi wa kumudzi. Adayendera masukulu a bungwe la Kildare Place, ngakhale sanali a Katolika, kuti aone njira zawo zophunzitsira ana ambiri pamodzi. M'chaka cha 1825 adawoloka nyanja napita ku France ndi mnzake Fanny Tighe, kukaona momwe asisteri a kumeneko ankaphunzitsira ana a amphawi. Adafunsanso nzeru kwa ansembe odziwa zinthu, monga Bambo Michael Blake ndi Bambo Edward Armstrong, ndi kwa Ambuye Daniel Murray, Arkiepiskopi wa Dublin.

Malo amene adasankha adadabwitsa anthu. M'chaka cha 1824 adatenga malo pa msewu wa Baggot, m'dera la anthu olemera. Adatero dala, kuti olemera aziona amphawi tsiku ndi tsiku, ndiponso kuti atsikana ophunzira ntchito azipeza owalemba pafupi. Mlongo wake James adaona ngati ntchitoyo ndi kupusa chabe, ndipo sadabise maganizo akewo. Komabe nyumbayo idatsekulidwa pa 24 Sepitembala 1827, tsiku la chaka cha Amayi Maria Achifundo, ndipo oyamba kukhalamo ndi kugwira ntchito anali Anna Maria Doyle ndi Catherine Byrn. M'kati mwake munali sukulu ya atsikana osauka ndi zipinda zogona akazi osowa kopita. Akaziwo sankangopatsidwa chakudya ayi, ankaphunzitsidwa kusoka, kuchapa ndi ntchito za m'nyumba, kenaka n'kuwapezera malo kwa mabwana odziwika khalidwe lawo, pakuti Catherine adaona kuti mkazi wopanda chopezera ndalama amabwerera komwe adathawa.

M'chaka chomwecho nkhanza za m'banja zidamfikira iye mwini. Mbale wake Mary adamwalira atabwerera mobisa mu Eklezia Katolika. Mwamuna wa Mary, dokotala William Macauley, anali wodana kwambiri ndi Chikatolika, ndipo akuti usiku wina, atamva za chinsinsicho kwa Catherine, adapsa mtima nathamangira kukatenga mpeni. Catherine adatuluka m'nyumbamo mothawa mu mdima, nakabisala kwa mnansi. Pambuyo pake mlamu wakeyo adapepesa, ndipo atamwalira m'chaka cha 1829, Catherine ndiye adalera ana ake asanu. Tsono polandira akazi ogogoda usiku, ankadziwa ndi thupi lake lomwe mantha amene adawafikitsa pakhomopo.

Catherine sadaganizepo zokhala sisteri. Cholinga chake chinali gulu la amayi wamba othandiza amphawi, pakuti asisteri ambiri a masiku amenewo sankaloledwa kutuluka m'mpanda, ndipo iye ankafuna kuyendera odwala kwawo. Koma anthu adayamba kung'ung'udza, ansembe ena ali pakati pawo, kuti amayiwo akukhala ngati asisteri popanda lamulo la Eklezia. Kudaoneka kuti ntchitoyo ikadzatha iye atamwalira ikapanda kukhala ndi maziko ovomerezeka. Choncho pa 8 Sepitembala 1830, ali ndi zaka pafupifupi 52, mayi amene adamanga nyumba yaikulu ndi chuma chake adakalowa unovisi kwa asisteri a Presentation ku George's Hill, pamodzi ndi Anna Maria Doyle ndi Elizabeth Harley. Miyezi khumi ndi isanu adakhala womvera ngati mwana, akudzudzulidwa pa zazing'ono, naphunzira momwe chipani chimayendera. Pa 12 Disembala 1831 atatuwo adachita malumbiro awo, ndipo tsiku limenelo ndilo chiyambi cha chipani cha Asisteri a Chifundo.

Mayeso sadachedwe. M'chaka cha 1832 mliri wa kolera udagwa mu Dublin, ndipo asisteri adagwira ntchito miyezi isanu ndi iwiri m'chipatala cha pa msewu wa Townsend, mosinthana. Amphawi ankaopa kuti madokotala awaika m'manda ali moyo, kotero Catherine ankaonetsetsa yekha kuti munthu wamwaliradi asanamnyamule, ndipo pakutero anthu adayamba kukhulupirira chipatalacho. Pambuyo pake maepiskopi adayamba kuitana asisteri ake: ku Tullamore ndi Charleville m'chaka cha 1836, ku Carlow ndi Cork mu 1837, ku Limerick mu 1838, ku Bermondsey mu London mu 1839, ku Galway ndi Birr mu 1840, ndi ku Birmingham mu 1841. Nyumba iliyonse yatsopano ankaipatsa ufulu wodzilamulira, chifukwa ankakhulupirira kuti mavuto a dera lililonse amadziwika bwino ndi okhala komweko. Sizonse zidayenda bwino: sukulu ya ku Kingstown idamkola m'ngongole chifukwa pangano la womlipira ntchito yomanga lidangokhala la pakamwa, ndipo asisteri adachokako kwa kanthawi.

Apapa Gregory XVI adavomereza malamulo a chipanicho mu Juni 1841. Pa 11 Novembala chaka chomwecho Catherine adamwalira ndi chifuwa chachikulu m'nyumba ija ya pa Baggot, atakhala sisteri zaka khumi zokha. Asisteri ake adafalikira m'maiko ambiri, nafika ku South Africa mu 1897 ndi ku Kenya mu 1956. Apapa Yohane Paulo II adamutcha Wolemekezeka m'chaka cha 1990.

Mbiri yoona siibisa mabala. Patapita zaka zambiri iye atamwalira, m'nyumba zochapiramo zovala zotchedwa Magdalene, zimene zinkayendetsedwa ndi zipani zinayi za asisteri, chipani chake chili chimodzi mwa izo, akazi ambiri adasungidwa ngati akaidi nagwiritsidwa ntchito popanda malipiro. Nyumba yotsiriza idatsekedwa mu 1996, ndipo mu 2013 nduna yaikulu ya Ireland, Enda Kenny, idapepesa m'dzina la boma. Ichi ndi chenjezo kwa aliyense wofuna kusunga ovutika: pothawirapo pakasowa woyang'anira wochokera kunja, ndipo osungidwawo akapanda kumvedwa, pamasanduka ndende.

Tsono limana kapena gulu la amayi a kwa Nazombe lofuna kuyamba ntchito yotere lili ndi njira yoonekeratu. Liyambe lamvetsera akazi amene adazunzidwapo, kuti lidziwe chimene adasowa usiku woyamba. Lidziwe lamulo loletsa nkhanza za m'banja la chaka cha 2006, limene lipatsa khoti mphamvu yoletsa wankhanza kuvutitsa kapena kuyandikira womdandaulayo. Lidziwane ndi apolisi a nthambi yothandiza ozunzidwa, a ofesi yosamalira anthu ku boma, a chipatala, ndi a Chilungamo ndi Mtendere m'parishi. Likambirane ndi mafumu, ankhoswe ndi eni mbumba, pakuti m'dziko la chikamwini mkazi amakhala pakati pa abale ake, komabe amamenyedwa abalewo ali chete poopa kupasula banja. Mapangano a ndalama alembedwe papepala, ndipo bungwe likakhwima lilembetsedwe ku boma monga lamulo lifunira. Akatekisti nawo aphunzitse momveka kuti Eklezia, ngakhale ilemekeza ukwati, imalola mkazi kapena mwamuna kupatukana ndi mnzake pogona pamene moyo wake kapena wa ana uli pa ngozi.

Catherine McAuley adadikira zaka zisanu kuchokera pamene adalandira chuma kufikira tsiku lotsekula nyumba, koma m'zaka zonsezo sadaleke kuthandiza amene anali pafupi naye. Kuphunzira kungatenge zaka, koma mayi wogogoda usiku uno afunika mphasa usiku womwe uno, ndipo Mkhristu aliyense wokhala ndi khomo angathe kumtsekulira, namperekeza kwa oyenera kukacha.