Zayd bin Haritha: Mwana Amene Anabedwa

M'bale wanga Msilamu, pamene mukudikira futari, takumbukirani Zayd bin Haritha (R.A.), Swahaba yekhayo wotchulidwa dzina m'Qur'ani, mu Surat Al-Ahzab.

Zayd anali wa fuko la Kalb. Ali mwana, paulendo ndi mayi ake, achifwamba anamgwira nakamgulitsa pamsika wa Ukaz. Hakim bin Hizam anamgulira azakhali ake, Bibi Khadija, ndipo iwo anampereka kwa Muhammad (S.A.W.) asanalandire utumiki. Bambo ake anamfunafuna ndi misozi. Atampeza ku Makka anadza ndi dipo, koma Muhammad sanafune ndalama; anamsiya mnyamatayo kuti asankhe yekha. Zayd anasankha kukhala nawo, ndipo anammasula. Anakhala mmodzi mwa oyamba kulowa Chisilamu, nafera kunkhondo ya Mu'tah mu 629 akutsogolera asilikali.

Ife a kunyanja kuno, ku Mtakataka ndi Golomoti, chisoni chotere sichachilendo. Makolo ankasimba za anthu ogwidwa n'kuwolotsedwa nyanja kupita ku ukapolo. Nanga awa a Boko Haram, amene anaba atsikana 276 ku Chibok mu 2014, ndi zigawenga zoba ana ku Cabo Delgado kuyambira 2017, akutsata yani? Ndithu si Mtumiki, koma achifwamba aja. Kuba munthu, kumuopseza, kudya dipo lake, zonsezi ndi haramu. Mtumiki anaphunzitsa kuti wogulitsa mfulu adzatsutsidwa ndi Allah mwini pa Tsiku la Kiyama.

M'Ramadhani ino, aphunzitseni ana anu zimenezi, ndipo pa duwa musaiwale ogwidwa ndi makolo awo.