John Chilembwe: m'busa amene adasowa mfuti, nafera ku Phalombe

Pa 3 February 1915, apolisi a boma la atsamunda amene ankasaka anthu m'tchire la m'chigwa cha Phalombe adapeza amuna awiri otopa akulowera chakumalire a Mozambique. Mfuti zidalira kufupi ndi mtsinje wa Migowi ndipo onse awiri adagwa. Mmodzi adali M'busa John Chilembwe, winayo adali mphwake, Morris Chilembwe. Nthawi imeneyo Phalombe idali isadakhale boma palokha, idali mbali ya Mulanje mpaka mchaka cha 1998.

Ana asukulu amadziwa kuti Chilembwe adaukira atsamunda. Koma ambiri sadziwa kuti nkhondo yakeyo idadalira mfuti zimene iye ndi anthu ake adalibe, ndipo atalephera kuzipeza usiku woyamba womwe, zonse zidasokonekera.

Chilembwe adabadwa cha m'ma 1871 ku Sangano m'boma la Chiradzulu. Bambo ake adali Myao, mayi ake Mmang'anja. Pamene ankakula, mfuti sizidali zachilendo kuno. Mafumu ochita malonda ankapita kugombe la nyanja yamchere ndi minyanga ya njovu komanso akapolo, nkubwerako ndi nsalu, mikanda, onga ndi mfuti za gogodera, zija zothira onga kukamwa nkusinja ndi kamtengo. Njira imodzi yaikulu ya malondawa inkadutsa pampata wa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi kulowera ku Quelimane. Mfumu yokhala ndi mfuti zambiri ndiyo inkaopedwa, ndipo midzi yopanda mfuti ndiyo inkagwidwa ukapolo.

Mchaka cha 1890 maiko a azungu adagwirizana mumzinda wa Brussels kuti athetse malonda a akapolo ndi kuletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu akuda m'chigawo chachikulu cha Africa. Chaka chotsatira dziko lino lidalowa m'manja mwa Britain. Mu 1893 boma lidamanga linga la Fort Lister pampata uja, ndipo pofika 1895 mafumu amphamvu a m'derali, monga Matipwiri, adali atagonjetsedwa. Ukapolo udatha, chomwe chidali chinthu chabwino, koma kuchokera apo mfuti zabwino zidatsala m'manja mwa boma, asilikali ake ndi azungu a m'minda. Munthu wakuda adatsala ndi mkondo, uta ndi gogodera wakale.

Mu 1892 Chilembwe adayamba ntchito ya m'nyumba kwa mmishonale Joseph Booth, amene adayambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, kufupi ndi Blantyre. Booth adali mzungu wosiyana ndi anzake chifukwa ankalalikira poyera kuti dziko la Africa ndi la anthu a mu Africa. Chilembwe adabatizidwa mu July 1893, ndipo mu 1897 adakwera sitima limodzi ndi Booth kupita ku America. Kumeneko mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention udamulipirira maphunziro a zaubusa pa Virginia Theological Seminary and College mumzinda wa Lynchburg.

Dziko limene adafikalo lidali losiyana kwambiri ndi kwawo pankhani ya mfuti. Kumeneko mfuti zinkagulitsidwa m'masitolo ngati makasu. Imodzi mwa zotchuka zaka zimenezo idali Winchester ya 1890, kamfuti kopepuka ka zipolopolo zing'onozing'ono za .22. Pansi pa paipi yake padali chogwirira chamtengo chimene munthu ankachikoka nkuchikankha, ndipo chipolopolo china chinkalowa chokha, moti ankatha kuombera kangapo asadadzazenso. Chifukwa zipolopolo zake zidali zotsika mtengo ndiponso sinkakankha phewa, alimi ankaphera akalulu ndi agologolo, anyamata ankaphunzirira kulasa, ndipo inkapezeka m'malo a masewero olasa chandamale. Chinthu chimene ku America chidali choseweretsa anyamata, ku Nyasaland mfumu yeniyeni sikadachigula mwaufulu.

Ku Virginia komweko kudali mbiri ya John Brown, mzungu wodana ndi ukapolo amene mu 1859 adathyola nkhokwe ya zida za boma ku Harpers Ferry pofuna kugawira akapolo mfuti. Adalephera ndipo adanyongedwa. Olemba mbiri ambiri amaona kuti zimene Chilembwe adadzachita zidafanana ndi za munthu ameneyu.

Komatu pobwera kumudzi mu 1900, Chilembwe sadabwere ndi maganizo a nkhondo. Adakhazikitsa mishoni ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ku Chiradzulu, mothandizidwa ndi amishonale akuda a ku America, Landon Cheek ndi Emma DeLany, amene adakhala naye mpaka 1906. Adatsegula sukulu, nalimbikitsa ulimi, ukhondo ndi kuvala bwino, ndipo mkazi wake Ida ankaphunzitsa amayi kusoka. Mu 1913 adamaliza kumanga tchalitchi chachikulu cha njerwa. Kwa zaka zoposa khumi adali m'busa wofuna kuti anthu ake atukuke ndi maphunziro komanso ntchito za manja awo.

Chimene chidamusintha ndi zomwe ankaona tsiku ndi tsiku. Moyandikana ndi mishoni yake kudali munda waukulu wa Magomero wa kampani ya A. L. Bruce Estates, imene idalinso ndi munda wina ku Likulezi, m'munsi mwa phiri la Mulanje. Ogwira ntchito ambiri m'mindayi adali Alomwe amene ankathawa nkhanza ndi njala ku Mozambique, nkudutsa m'chigwa cha Phalombe kufuna pokhala. Kuti apatsidwe malo omanga nyumba ankayenera kugwira thangata, ntchito yolipirira malo ndi msonkho, ndipo kawirikawiri miyezi ya thangatayo inkatalikitsidwa mwachinyengo. Woyang'anira munda wa Magomero, William Jervis Livingstone, adatchuka ndi nkhanza, ndipo matchalitchi audzu amene akhristu a Chilembwe ankamanga m'mundamo ankatenthedwa. Ambiri mwa Alomwe ovutikawa ndiwo adadzaza mpingo wa ku Mbombwe.

Kenaka mu 1914 kudabuka nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mu September chaka chimenecho asilikali akuda adaphana ku Karonga, ena kumbali ya Britain, ena kumbali ya Germany. Apa Chilembwe adaona kuti munthu wakuda amaloledwa kugwira mfuti yabwino pokhapokha akamafera mzungu. Mu November adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi a dziko lino akufa pankhondo ya eni ake, kusiya amasiye amene sadzapindula kanthu. Boma lidaletsa kalatayo kufalitsidwa, ndipo lidayamba kulingalira zomuchotsa m'dziko muno. Iye mwini adali ndi ngongole, ankadwala mphumu, ndiponso maso adali atayamba kumuvuta.

Pamisonkhano yachinsinsi ku Mbombwe, Chilembwe ndi akuluakulu ake, kuphatikizapo David Kaduya amene kale adali msilikali wa boma, adakonza dongosolo. Gulu lina lidayenera kuukira minda ya Bruce. Lina lidayenera kupita ku Blantyre kukathyola sitolo ya Mandala, ya kampani ya African Lakes, kumene kunkasungidwa mfuti ndi zipolopolo. Ku Ntcheu, Filipo Chinyama adayenera kudzutsa anthu ake. Pa zonsezi ulendo wa ku Mandala ndiwo udali mutu, chifukwa popanda mfuti zimenezo anthu a mikondo ndi nkhwangwa sakadatha kulimbana ndi asilikali a King's African Rifles.

Usiku wa Loweruka pa 23 January 1915 ntchito idayambika. Ku Magomero adapha Livingstone nkumudula mutu, ndipo azungu ena awiri, Duncan MacCormick ndi Robert Ferguson, adaphedwanso. Onsewa adafa ndi mikondo ndi nkhwangwa. Akazi ndi ana achizungu sadawapweteke, monga Chilembwe adalamulira, ndipo pambuyo pake adawamasula. 

Ku Blantyre zinthu sizidayende. Amuna pafupifupi 100 adafika ku Mandala m'bandakucha, koma phokoso lidadzutsa anthu iwo asadamalize. Mlonda wachikuda adaphedwa, ndipo oukirawo adathawa ndi mfuti zisanu zokha ndi zipolopolo pang'ono. Mafumu ndi midzi imene ankayembekezera kuti idzuka idangokhala chete, ndipo za ku Ntcheu zidatha zisadayambe bwino.

Lamulungu m'mawa Chilembwe adalalikira m'tchalitchi chake mutu wa Livingstone uli poonekera, chinthu chimene mpaka lero chimavutitsa ngakhale amene amamulemekeza. Lolemba pa 25 January asilikali a boma adafika ku Mbombwe, ndipo anthu a Chilembwe, ndi mfuti zochepa zomwezo, adawabweza. Koma zipolopolo sizikadakhalitsa. Tsiku lotsatira gulu lina lidaukira mishoni ya Akatolika ku Nguludi, ndipo asilikali atabweranso ku Mbombwe adapeza anthu atabalalika. Tchalitchi cha njerwa chija adachiphulitsa ndi mabomba.

Othawa ambiri adalunjika kum'mawa, kudzera m'chigwa cha Phalombe, njira yomwe Alomwe adalowera m'dziko muno. Idali nthawi ya dzinja, mitsinje itadzaza, madambo ali matope okhaokha. Chilembwe, munthu wa mphumu ndi maso ofooka, adayenda masiku angapo asadafike pamalire. Amene adamuombera adali apolisi akuda anzake, onyamula mfuti za boma. Mtembo wake adapita nawo ku boma la Mulanje, ndipo atauzindikira adauika mwachinsinsi m'manda opanda chizindikiro. Chifukwa anthu wamba sadauone mtembowo, kwa zaka zambiri m'midzi munkamveka mphekesera yoti m'busayo sadafe, adangothawa ndipo adzabweranso.

Chilango chidali chowawa. Anthu pafupifupi 40 adaphedwa ataweruzidwa mofulumira, ena pafupifupi 300 adatsekeredwa m'ndende, ndipo midzi yambiri idatenthedwa. Bungwe lofufuza limene boma lidakhazikitsa lidatulutsa lipoti lake mu 1916. Lidavomereza kuti pa minda ya Bruce padali nkhanza, koma thangata lidapitirira kwa zaka zina zambiri. Mishoni ya ku Mbombwe idakhala yotseka mpaka 1926 pamene Dr Daniel Malekebu adaitsegulanso.

Ena amati Chilembwe adalakwitsa poyamba nkhondo alibe zida. Ena amati ankadziwa bwino lomwe kuti sangapambane, koma adafuna kuti atsamunda aone kuti anthu atopa. Chodziwika nchakuti ufulu umene udabwera mu 1964 sudabwere ndi mfuti za ku Mandala. Udabwera ndi misonkhano, ndende, mavoti komanso magazi a anthu opanda zida amene adaomberedwa mu 1959, ndipo omenyera ufuluwo ankatchula dzina la Chilembwe ngati amene adayamba.

Dziko la Malawi limamukumbukira pa 15 January chaka chilichonse, ndipo nkhope yake idayamba kuoneka pa ndalama zamapepala mu 1997. Mwambo waukulu umachitikira ku Mbombwe kumene adalalikira. Koma anthu a ku Migowi, Chiringa ndi Phalombe, amene amagulitsa nandolo ndi mpendadzuwa m'misika nkulandira ndalama ya K2,000 yokhala ndi nkhope yake, ali nayo mbali yawo m'mbiriyi. Ambiri ndi zidzukulu za Alomwe amene ankawalankhulira, ndipo ulendo wake womaliza udathera m'dera lawo.