Sir William Henry Manning (1863–1932)

Pa phiri la Mangochi, kuno kwa Mfumu Jalasi, pakadali makoma a linga limene Angerezi adamanga atagonjetsa Jalasi mu 1895. Patapita zaka ziwiri, gulu lankhondo limene lidachita zimenezi lidaikidwa m'manja mwa William Henry Manning, msilikali amene adafika m'dziko muno mu 1893 atatumikira ku India.

Mu 1898 adatsogolera nkhondo yolimbana ndi Angoni a Mpezeni, n'chifukwa chake Mchinji inkatchedwa Fort Manning. Koma nkhani yokhudza Ayao ndi ina. Boma lomwe lidathyola mphamvu za mafumu awo ndilo lidayamba kulemba anyamata awo usilikali, ndipo mu 1902 magulu amenewa adalowa mu King's African Rifles, Manning ali woyang'anira wamkulu woyamba. Iyeyu adawatsogolera ku Somaliland kukamenyana ndi Mohammed Abdullah Hassan. Pa 17 Epulo 1903, pamalo otchedwa Gumburu, gulu lina la asilikali ochokera kuno, ambiri mwa iwo Ayao, lidazingidwa. Zipolopolo zidawathera, ndipo ochuluka adafera komweko, kutali ndi manda a makolo awo. Patangopita miyezi yochepa, utsogoleri wa nkhondoyo udaperekedwa kwa wina.

Tsokali silidamutsekereze njira. Adakhala Bwanamkubwa wa Nyasaland kuyambira 1911 mpaka 1913, kenaka wa Jamaica, pomaliza wa Ceylon mpaka 1925. Adamwalira pa 1 Januwale 1932. Ku Jamaica, anyamata a m'sukulu za sekondale akulimbiranabe chikho cha mpira cha Manning Cup.