Wilma Rudolph, Mwana Wopuwala Amene Anaposa Onse pa Liwiro

Ambiri a ife pa tsiku la mipikisano timagonja tisanayambe n'kuthamanga komwe. Mtima umatiuza kuti mnzathu ali ndi miyendo yaitali, ndipo ife timangobvomera. Cifukwa ca ici ndafuna kukusimbirani mbiri ya Wilma Rudolph.

Wilma anabadwa pa 23 June, 1940, ku Tennessee m'dziko la Amereka. Anali mwana wa nambala 20 mwa ana 22 a atate wace. Ali ndi zaka ngati zisanu anagwidwa ndi nthenda ya poliyo, ndipo mwendo wace wamanzere unapuwala. Madotolo ananena kuti sadzayendanso, koma amai ace anamuuza kuti adzayenda ndithu. Tsono mwanayo anali ndi mau awiri m'makutu mwace. Monga anasimba yekha atakula, iye anasankha kukhulupirira mau a amai ace.

Mauwo sanagwire nchito okha. Sabata ndi sabata amai ace ankapita naye pa basi ku cipatala ca Meharry ku Nashville, mtunda wa mailosi 50, ndipo abale ace ankamsisita mwendo tsiku lililonse. Pofika zaka 12 analeka kubvala zitsulo zocirikiza mwendo nayamba kusewera mpira wa manja.

Pa mpikisano wace woyamba waukulu, ku Tuskegee, Wilma anagonja. Apa ndi pamene ambiri a ife tikadadziuza kuti liwiro si lathu. Iye sanatero ai. Anapita kukaphunzira kwa Ed Temple, mphunzitsi wa othamanga ku Nashville, ndipo m'caka ca 1956, ali ndi zaka 16 zokha, gulu lace linapata malo acitatu pa liwiro lopatsirana kamtengo ku masewera a Olimpiki ku Melbourne.

M'caka ca 1960 masewerawo anacitikira ku Rome. Kutatsala tsiku limodzi, Wilma anaponda m'kadzenje nabinya phazi. Komabe anathamanga, napambana pa mamita 100, pa mamita 200, ndiponso pa liwiro lopatsirana kamtengo. Anali mkazi woyamba wa ku Amereka kulandira mendulo zitatu za golidi za liwiro pa Olimpiki imodzi. Analeka mipikisano mu 1962 nakhala mphunzitsi wa ana. Anamwalira pa 12 November, 1994, ali ndi zaka 54.

Anzanga, ife tiri kutali ndi amai athu, ndipo pa mzere woyambira palibe wotinong'oneza. Mau amene timamva pamenepo ndi athu omwe. Tikadzinyoza, mantha amaumitsa miyendo ndi kutha mpweya. Tikadzikumbutsa za m'mawa uliwonse umene tinazungulira bwalo kukali cisisira, mtima umakhala pansi. Cotero musanathamange, yambani mwamvetsera zimene mukudziuza.