Paul Lusaka, wophunzira za malire amene anatsogolera msonkhano wa maiko onse

Mwana wathu akanena kuti afuna kucita digiri yaciwiri ya za ubale wa maiko, ambiri a ife timafunsa kuti kodi zimenezo zidyetsa ndani. Timaona ngati ndi maphunziro a masuti ndi maulendo a pandeke cabe. Moyo wa malemu Paul John Firmino Lusaka utiyankhe.

Anabadwa mu 1935 ku Moomba, kufupi ndi mzinda umene anali nao dzina limodzi. Masiku amenewo Northern Rhodesia analibe yunivesite, pakuti UNZA inatsegulidwa mu 1966, ndipo wofuna digiri anali kucita kutuluka m'dziko. A Lusaka anapita ku koleji ya ku Roma, ku Basutoland kumene lero ndi Lesotho, nakaphunzira mbiri yakale ndi jogalafe. Kucoka uko anaoloka nyanja kupita ku yunivesite ya Minnesota ku America, kenaka ya McGill ku Canada. Digiri yao yaciwiri inali ya jogalafe ya ndale, phunziro la malire, madoko, njanji ndi mitsinje, ndi mmene zinthu izi zimapatsira dziko lina mphamvu pa linzake.

Ife a ku Shimabala phunziro limeneli timaliona ndi maso. Malole odutsa pano pa mseu wa Kafue, kupita ku Chirundu ndi ku Livingstone, ndiwo moyo wa dziko lopanda doko. Pamene tinalandira ufulu mu 1964, tili ndi anthu a madigiri pafupifupi 100 cabe, mkuwa wathu wambiri unali kutulukira kum'mwera komweku. Caka cotsatira Ian Smith anagalukira Britain, ndipo mu Januwale 1973 anatseka malire. Munthu wodziwa kuwerenga mapu ndi diso la ndale anali wosowa ngati madzi m'cilimwe.

A Lusaka anayamba nchito ya ukazembe ku London, nadzatumikiranso ku Moscow. Atabwerako anakhala nduna m'boma la a Kenneth Kaunda, m'maunduna a citukuko ca kumidzi, zamtengatenga ndi zaumoyo. Koma dzina lao linamveka kwenikweni kuyambira mu 1979, pamene anatumidwa ku New York kukaimira Zambia ku United Nations.

Cinali caka coipa. Mu Epulo asilikali a Rhodesia analowa mu Lusaka naphwanya nyumba ya Joshua Nkomo, ndipo cakumapeto kwa caka anaphulitsa milatho, kuphatikizapo wa pa Chambeshi, kuti atidule njira ya ku Dar es Salaam. Mwamwai Zambia anali ndi mpando mu Security Council m'zaka za 1979 ndi 1980. Mu Novembala 1979 bungwelo linapereka cigamulo nambala 455, codzudzula ciwembuco ndi kunena kuti Zambia alipidwe pa zoonongekazo. Mfuti zathu sizikanafika ku Salisbury, koma mlandu wathu unalembedwa pamaso pa dziko lonse.

Nchito imene inawatengera zaka zambiri inali ya Namibia. Kuyambira mu 1979 mpaka 1986 anali mtsogoleri wa UN Council for Namibia, bungwe limene mwalamulo ndilo linali boma la dzikolo, ngakhale kuti South Africa sanalilole kuponda mu Windhoek. Tinene cilungamo: kulamulira dziko limene sungalowemo ndi nchito yogwetsa ulesi, ndipo onyoza sanasowe. Cigamulo 435 ca mu 1978 cinali citalongosola kale njira ya masankho, koma boma la Ronald Reagan linamangirira ufulu wa Namibia ku nkhani yocotsa asilikali a Cuba ku Angola, zinthu nkuima. Cimene bungwelo linakwanitsa ndi kusalola kuti nkhaniyo izizire, ndi kukonzekeretsa anthu. Sukulu ya UN Institute for Namibia, imene inatsegulidwa mu Lusaka mu 1976 motsogozedwa ndi Hage Geingob, inaphunzitsa ambiri amene anadzayendetsa maofesi a boma latsopano. Geingob yemweyo anadzakhala pulezidenti mu 2015. Phindu lake linatifikira ndi ife: kucokera pamene mlatho wa Katima Mulilo unatsegulidwa mu 2004, katundu wathu ali ndi njira ina yopita ku doko la Walvis Bay.

Mu 1981 a Lusaka anatsogolera bungwe la UN loona za cuma ndi umoyo wa anthu, ndipo mu Seputembala 1984 anasankhidwa kukhala pulezidenti wa msonkhano waukulu wa General Assembly, wa nambala 39. Palibe Mzambia wina amene anakhalapo pa mpandowo. Tisakokomeze, mpando umenewu ulibe asilikali kapena thumba la ndalama, nchito yake ndi kuyendetsa zokambirana za maiko amene panthawiyo anali 159. Komabe pa msonkhano womwewo, pa 10 Disembala 1984, ndi pamene panavomerezedwa pangano loletsa kuzunza anthu ogwidwa, caka cimene njala inali kupulula anthu ku Ethiopia.

Pambuyo pake anakhala kazembe wathu ku Washington. Anaona Namibia akulandira ufulu pa 21 Malici 1990, ndipo anamwalira ku Washington komweko mu Novembala 1996, ali ndi zaka 61. Patapita zaka zitatu, Theo-Ben Gurirab, amene anali kuimira SWAPO ku New York pa zaka zomwe a Lusaka anali kumenyera nkhani ya dziko lake, anakhala pa mpando womwe uja wa General Assembly monga nduna ya Namibia.